Anamwa komaliza liti? Mowa ndi odwala mwakayakaya ku Rufunsa

Munthu womwa mowa tsiku ndi tsiku kawirikawiri saleka lero ndi lero mwa kufuna kwake. Mowa umamudukira mwadzidzidzi ndalama zikatha, akatsekeredwa m'chitokosi, kapena akagonekedwa m'chipatala. Ambiri tingaganize kuti pa malo atatuwa chipatala ndiye pabwino, komatu n'kumene munthuyo amafika thupi litatha kale mphamvu: chibayo chamugwetsa, galimoto yamuthyola nthiti, kapena m'mimba mwafunika opaleshoni. Pakapita masiku awiri kapena atatu, wodwala amene amaoneka kuti akupezako bwino amayamba kunjenjemera, thukuta lili kamukamu, n'kumazula diripi ndi kulimbana ndi zinthu zimene ena onse m'wodimo sakuziona. Ena amafa nazo. Zambiri mwa izi zimapeweka pakakhala wina amene anafunsa za mowa tsiku lofika n'kulemba yankho m'fayilo.

Madokotala a ku Ulaya ndi ku America akhala akukambirana nkhaniyi kwa zaka zambiri: kodi wodwala mwakayakaya aliyense azifufuzidwa za kamwedwe kake, afufuzidwe motani, nanga akapezeka kuti ndi wakumwa achitidwe chiyani? Kafukufuku wawo amapeza kuti m'zipinda za odwala mwakayakaya, kuyambira wodwala mmodzi mwa khumi mpaka mmodzi mwa atatu amakhala ndi vuto la mowa. Koma zokambiranazo zimachitikira m'zipinda zokhala ndi makina opumira, namwino pa bedi lililonse ndi labotale yosatseka usiku. Kwathu kuno wodwala wotere amagona pena. Kafukufuku wamkulu wotchedwa ACIOS, amene anasindikizidwa m'magazini ya The Lancet mu 2025 atachitika m'zipatala 180 za m'mayiko 22 a mu Africa, anapeza kuti wodwala wamkulu mmodzi mwa 8 aliwonse ogonekedwa anali mwakayakaya, kuti mmodzi mwa asanu a iwowa anamwalira pasanathe sabata, ndiponso kuti oposa awiri mwa atatu anali m'mawodi wamba. Choncho funso la mowa ndi la namwino wa m'wodi ya amuna, la clinical officer wa usiku, ndi la mayi wokhala pansi pafupi ndi bedi la mwamuna wake.

Titenge chitsanzo cha boma la Rufunsa m'Zambia, limene linadulidwa ku Chongwe mu ulamuliro wa Michael Sata. Ndi dera la mapiri ndi nkhalango, midzi ya Asoli ndi anthu obwera itamwazikana m'madera a mafumu Mpanshya, Bunda Bunda ndi Shikabeta, ndipo msewu wa Great East Road umalidula pakati kulowera ku mlatho wa Luangwa. Odwala kwambiri ochuluka amafikira pa chipatala cha mishoni cha St Luke's ku Mpanshya, ndipo ofunika chithandizo choposa apo amatumizidwa ku Lusaka, ku chipatala cha Levy Mwanawasa kapena cha UTH, ulendo woposa makilomita 150. Msewuwu umabweretsa ovulala pangozi, madalaivala a malole, okwera njinga zonyamula makala ndi oyenda pansi. Mowa nawo susowa: wamasese, chibuku cha m'mapaketi, kachasu wa m'mudzi ndi mowa waukali wotchipa wa m'timabotolo. Boma la Zambia linaletsa tujilijili, mowa waukali wa m'timapaketi, mu 2012, pamene Nkandu Luo anali nduna yoona za maboma aang'ono, koma chiletsocho chinachotsa timapaketi, kumwa kunapitirira. Kafukufuku wa STEPS wa 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu m'Zambia anali atamwa mowa m'mwezi wapitawo, ndipo mwa amuna anali pafupifupi mmodzi mwa atatu. Ambiri mwa amenewa si zidakwa, koma m'wodi ya mabedi makumi angapo simungalephere kukhala ena amene thupi lawo linazolowera mowa.

Kuzolowerako kumachitikira mu ubongo. Mowa umagonetsa ubongo: umawonjezera mphamvu ya mankhwala achilengedwe otchedwa GABA, amene amabweza minyewa kuti isathamange, n'kufooketsa ena otchedwa glutamate, amene amaidzutsa. Munthu akamamwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi ndi zaka, ubongo umadzikonza kuti azithabe kuyenda ndi kugwira ntchito ali ndi mowa m'magazi. Umachepetsa mbali yobweza n'kukulitsa mbali yodzutsa. Zili ngati lole yotsika mapiri a Manenekela, dalaivala ataponda buleki ndi mafuta nthawi imodzi: bola buleki ikugwira, lole imatsika bwinobwino, koma phazi likangochoka pabuleki, mafuta aja amaiponya kuphompho. Mowa ukaduka, mtima umathamanga, magazi amakwera, thupi limatentha, ndipo ubongo umatha kuphulika n'kugwetsa munthu ngati wakhunyu.

Chothandiza n'chakuti zimenezi zili ndi nthawi yake, ndipo nthawiyo imawerengedwa kuchokera pa toti yomaliza. Pakati pa maola 6 ndi 24 kumayamba kunjenjemera manja, nseru, thukuta, mantha ndi kusowa tulo. Kugwa ngati wakhunyu kumabwera kawirikawiri masiku awiri oyamba asanathe. Choopsa kwambiri, chimene achipatala amachitcha delirium tremens, chimafika pakati pa maola 48 ndi 96: munthu sadziwanso kumene ali, amabwebweta, amaona njoka ndi tizilombo pakhoma, thupi lili moto. Ndi ochepa amafika pamenepa, mwina atatu kapena asanu mwa anthu 100 amene akuvutika ndi kuduka kwa mowa m'chipatala. Kale, chithandizo chisanadziwike, mabuku a zachipatala amati mpaka mmodzi mwa atatu a iwowa ankamwalira. Ndi chithandizo chabwino imfa zimatsika kufika pa ochepera asanu mwa 100. Kwa munthu amene mapapo ake adzaza kale ndi chibayo, masiku awiri a mtima wothamanga ndi thupi louma madzi ndi katundu woti sangausenze.

N'chifukwa chake ndimaona kuti pa mafunso onse a mowa, lofunika koposa kwa wodwala mwakayakaya ndi lofuna kudziwa tsiku ndi ola limene anamwa komaliza. Namwino akadziwa kuti bambo uyu anamwa komaliza Lachisanu madzulo, amadziwiratu kuti usiku wa Lamlungu ndi wa Lolemba ndiwo wofunika maso. Ndipo wodwala akasokonezeka mutu patapita masiku 10 ali m'wodi osalawa kanthu, kuduka kwa mowa sikungakhale chifukwa chake. Pamafunika kufufuza kwina.

Kuduka kwa mowa ndi mbali imodzi chabe. Mowa wa zaka zambiri umafooketsa chitetezo cha m'mapapo. Mu 1996 Marc Moss ndi anzake ku America anaonetsa kuti pa odwala amene anali pachiopsezo cha kulephera kwa mapapo kotchedwa ARDS, 43 mwa 100 aliwonse omwa mwauchidakwa anagwidwa nako, pamene mwa enawo anali 22. Kuwunika kwa kafukufuku wambiri kwa 2008 kunapeza kuti womwa kwambiri ali ndi mpata wochuluka pafupifupi katatu wodwala chifuwa chachikulu, matenda amene m'Zambia sasowa m'wodi iliyonse. Pa opaleshoni, wakumwa amataya magazi ambiri, bala lake limachedwa kupola ndipo limatukusira msanga, komanso mankhwala ogonetsa samugwira mofanana ndi ena. Chiwindi chikakhala chitawonongeka, mankhwala wamba monga paracetamol ndi ena a TB amafunika kuwapereka mosamala. Dokotala wosadziwa za mowa amalemba mankhwala onsewa ngati akulembera thupi lina.

Pali zinthu ziwiri zotchipa zimene zimapulumutsa ubongo, ndipo zonse zimadalira kuti wina akumbukire mowa. Choyamba ndi shuga. Chiwindi chikatanganidwa ndi kugaya mowa chimalephera kupanga shuga, ndipo munthu amene wamwa masiku awiri osadya nsima amatha kukomoka chifukwa shuga watsika m'magazi. Kadontho ka magazi a pachala kamaulula zimenezi m'kamphindi. Chachiwiri ndi vitamini B1, wotchedwa thiamine. Thupi limasunga wongokwanira masabata awiri kapena atatu, mowa umalepheretsa matumbo kumuyamwa, ndipo akatha, mbali zina za ubongo zimayamba kufa. Carl Wernicke anafotokoza matendawa mu 1881: kusokonezeka mutu, maso osayenda bwino ndi kudzandira. Vuto ndi lakuti zizindikiro zitatuzi sizibwera pamodzi kawirikawiri. Clive Harper wa ku Australia, atayeza maubongo a anthu omwalira, analemba mu 1986 kuti 16 okha mwa 100 aliwonse a odwala matendawa anali ndi zizindikiro zonse zitatu, ndipo pafupifupi 80 mwa 100 anamwalira popanda dokotala kuwazindikira. Wopulumuka osathandizidwa msanga amatha kutsala ndi kuiwala kosachira, kosakumbuka ngakhale zimene wadya m'mawa. Diripi ya shuga yoperekedwa kwa masiku popanda thiamine imamaliza kochepa kamene kanatsala m'thupi. Lamulo la madokotala ndi lakuti shuga asachedwe ngati watsika, koma thiamine wa jakisoni atsagane naye. Kuno kwathu, kumene nsima ya ufa woyera imadyedwa ndi ndiwo zochepa, wakumwa amathanso kusowa vitamini B3, ndipo khungu lakuda lokakala pakhosi ndi m'mikono, kutsekula m'mimba ndi kusokonezeka mutu zimabwera pamodzi. Nawonso ndi matenda ochizika akazindikirika.

Nanga amafufuza bwanji? Njira zodziwika kwambiri ndi za mafunso. Yakale ndi CAGE ya John Ewing, yosindikizidwa mu 1984, ya mafunso anayi okhudza kufuna kuchepetsa mowa, kukwiya ena akadzudzula, kudziimba mlandu ndi kumwa m'mamawa kuti matsire athe. Ndi yachidule, koma siiuza dokotala ngati munthuyo akumwa panopa kapena analeka kalekale. Bungwe la WHO linakonza AUDIT, ya mafunso 10, imene inayesedwa m'mayiko 6 kuphatikizapo Kenya. Mapointi ake amayambira pa 0 kufika pa 40, ndipo kuyambira pa 8 ndiye kuti kamwedweko n'koika moyo pachiswe. Mafunso atatu oyamba okha, ofunsa kuti munthu amamwa kangati, wochuluka bwanji, ndiponso kangati pamene amamwa wambiri nthawi imodzi, amatchedwa AUDIT-C, ndipo satenga mphindi ziwiri. AUDIT inayesedwa m'Zambia momwe: mu 2011 Nathaniel Chishinga ndi anzake anasindikiza zotsatira zoonetsa kuti imagwira ntchito pakati pa odwala TB ndi omwa ma ARV m'zipatala zing'onozing'ono.

Koma anthu amenewo anabwera okha ndi miyendo yawo, n'kukhala pabenchi n'kuyankha. Wodwala mwakayakaya akupuma movutikira, wakomoka, kapena mutu wasokonezeka kale, ndipo mafunso 10 sangawathe. Palinso vuto la muyeso. AUDIT imawerengera mowa m'miyeso ya magalamu 10 a mowa weniweni, zimene zimayandikira botolo limodzi la Mosi. Nanga chipanda cha masese chozungulira anthu asanu chili ndi miyeso ingati? Nanga kachasu, amene ukali wake umasiyana kuchokera kwa wotcheza uyu kufika kwa uyo, ngakhalenso pakati pa botolo loyamba kutuluka ndi lomaliza? Wofunsa wanzeru amasiya zowerenga mabotolo a m'buku n'kufunsa m'chiyankhulo cha pamalo omwera: amagula wa ndalama zingati patsiku, m'chiwiya chotani, amayamba nthawi yanji, pa sabata pamakhala tsiku limene salawa?

Ndiye pali kubisa. Ku Lusaka, Michael Vinikoor ndi anzake a bungwe la CIDRZ anayesa kachipangizo koviika mumkodzo kozindikira ethyl glucuronide, chotsalira cha mowa chimene chimakhala m'thupi masiku awiri kapena atatu. Zotsatira za mu 2018 zinaonetsa kuti ena mwa odwala amene anati sanamwe, mkodzo wawo unawatsutsa. Ku Mbarara m'dziko la Uganda, kuyeza magazi kotchedwa PEth, kumene kumaona kamwedwe ka masabata awiri mpaka anayi apitawo, kunaonetsanso chimodzimodzi. Anthuwa si abodza mwachibadwa. Anauzidwa kambirimbiri kuti mankhwala sayenderana ndi mowa, ndipo amaopa kukalipiridwa kapena kumanidwa chithandizo. Wina angati tsono tiyeni tingoyeza magazi tisiye kufunsa. PEth imafuna makina okwera mtengo amene chipatala cha m'boma sichingakhale nawo, ndipo yankho lobwera patapita sabata silithandiza wodwala amene vuto lake lifika mawa usiku. Zoyeza zachiwindi zodziwika bwino zimakweranso ndi mankhwala a TB, ma ARV ena ndi matenda a chiwindi a hepatitis B, choncho siziloza mowa wokha. Kachipangizo kouzira mpweya, ngati ka apolisi apamsewu, kamangoona mowa wa maola ochepa apitawo. Ndipo kwa chidakwa chenicheni, kusapezeka mowa mumpweya si nkhani yabwino, kungotanthauza kuti nthawi ija yayamba kale kuwerengedwa.

Chimene chipatala ngati cha ku Mpanshya chili nacho, chimene zipatala zambiri za ku Ulaya zilibe, ndi wodikirira wodwala. Pafupifupi bedi lililonse lili ndi wachibale wophika phala, wochapa ndi wotembenuza wodwala. Kafukufuku wa m'chipatala cha ovulala ku America anapeza kuti mayankho a achibale pa mafunso a AUDIT amayandikana ndi a mwiniwake, ndipo kwathu kuno wachibaleyo safunika kumuimbira foni, ali pomwepo. Komabe pafunika kusankha womufunsa. Mayi wobereka amene amakhala mudzi wina sadziwa zimene mwana wake amachita ku makala kapena kokumba golide. Mkazi amadziwa, koma akafunsidwa apongozi ali pomwepo adzati, “Amangolawako pang'ono.” Odziwa zenizeni nthawi zambiri ndi anzake amene amunyamula kubwera naye, ndipo amenewa sachedwa kubwerera kwawo wodwala akangolandiridwa. Funsolo lifunsidwe pakhomo, asanachoke.

Kafunsidwe kake n'kofunika ngati funso lenilenilo. “Mayi, amuna anuwa ndi chidakwa?” limeneli ndi funso lotseka pakamwa. Namwino akamutengera pambali mayiyo n'kunena kuti, “Amayi, funso ili timafunsa aliyense, chifukwa likutithandiza kusankha mankhwala. Bambowa anamwa komaliza liti? Tsiku likapita osamwa, m'mawa manja amanjenjemera? Anayamba agwapo ngati wakhunyu atasowa mowa?” mayankho amabwera. Funso lomalizali lili ndi maziko olimba. Gulu la José Maldonado ku Stanford litakonza mu 2014 njira yotchedwa PAWSS yolosera amene adzavutike kwambiri mowa ukaduka, mafunso ake ambiri anali okhudza zimene zinachitikapo kale, chifukwa amene anagwapo kapena kubwebwetapo ndiye ali pachiopsezo chachikulu, ndipo ulendo uliwonse umatha kukula kuposa wapitawo. Mawu akuti “timafunsa aliyense” akhalenso oona. Tikamafunsa okhawo onunkha kachasu ndi ovala zong'ambika, tiphonya aphunzitsi, akuluakulu a mpingo, agogo aakazi otcheza kachasu amene amalawa ntchito yawo tsiku lililonse, ndi amayi apakati. Akazi ndiwo amaphonyedwa kwambiri, chifukwa manyazi awo ndi aakulu ndipo wofunsa amachita nawo ulemu wosafunsa.

Kufunsa wachibale kuli ndi phindu lina limene mabuku akunja salitchula kawirikawiri. Usiku wachitatu wodwala akayamba kuona njoka ndi kukuwa kuti anthu akubwera kudzamupha, achibale osachenjezedwa amaganiza za kulodzedwa kapena mizimu, ndipo m'mawa kusanache ena amapempha kutuluka naye kupita kwa sing'anga kapena kumapemphero, pa nthawi yeniyeni imene akufunika diripi ndi jakisoni. Ena, odziwa chimene chikuvuta, amalowetsa kabotolo mobisa. Banja likauzidwa tsiku loyamba kuti zimenezi zikhoza kubwera, kuti zili ndi mankhwala ndipo zimatha pakapita masiku ochepa, limakhala maso a namwino amene ali yekha ndi wodi yonse usiku, ndipo ndilo limayamba kuona manja akunjenjemera.

Tsopano mbali ina ya nkhaniyi, imene imandidetsa nkhawa mofanana ndi yoyambayo. Kudziwa kuti munthu amamwa kumatha kutseka maganizo a womuthandiza. Tiyerekeze mnyamata watoledwa m'mbali mwa msewu pafupi ndi Chinyunyu, akununkha mowa, sakuyankha bwino. Mawu akuti “waledzera chabe, agone atsitsimuka” apha anthu ambiri padziko lonse. Woledzera amagwa n'kumenyetsa mutu, ndipo mitsempha ya m'mutu mwa wakumwa imaduka msanga. Magazi amatha kuundana pang'onopang'ono pansi pa chigaza, munthu n'kumaoneka ngati ali m'tulo ta mowa mpaka kupuma kutaleka. Malungo okwera kuubongo, matenda oumitsa khosi, makamaka mwa amene ali ndi HIV, shuga wotsika, chiwindi cholephera ndi tizilombo tolowa m'magazi, zonsezi zimasokoneza mutu mofanana ndi mowa, ndipo wakumwa ndiye amene zimamugwira kwambiri. Woledzera wamba amanka natsitsimuka ola ndi ola. Amene akunka namira ali ndi china. Delirium tremens ndi dzina loyenera kulembedwa pomaliza, malungo atayezedwa, shuga ataonedwa, khosi litapindidwa ndi mutu utafufuzidwa mabala.

Chakumwacho nachonso chikhoza kukhala ndi poizoni. Mu Januwale 2015, ku Chitima m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anthu 75 anamwalira ndipo ena ambiri anadwala atamwa mowa wamasese pamaliro. Poyamba kunamveka mphekesera za ndulu ya ng'ona, koma kuyeza kunapeza poizoni wotchedwa bongkrekic acid, wochokera ku tizilombo timene tinamera mu ufa wa chimanga wofululira mowawo. Mowa waukali wosakanizidwa ndi methanol umayamba ngati kuledzera wamba, kenako patapita theka la tsiku kapena tsiku lathunthu munthu amayamba kuona mwachimbuuzi, kupuma mwabefu, ndipo akhoza kuchita khungu kapena kufa. Wofunsa akawonjezera kuti “Anamwa chiyani, kuti, ndi yani, nanga anzakewo ali bwanji?” akhoza kupulumutsa anthu amene sanafike n'komwe kuchipatala.

Yankho likakhala lakuti inde, amamwa tsiku ndi tsiku, chotsatira sichifuna makina. Thiamine wa jakisoni, kuyeza shuga, madzi okwanira, mchere wa m'thupi monga potassium ndi magnesium kumene zingatheke, bedi loonekera kwa namwino, ndi kuyang'ana kugunda kwa mtima, kutentha kwa thupi ndi manja maola angapo aliwonse m'masiku anayi oyamba. Mankhwala enieni a kuduka kwa mowa ndi a gulu la diazepam, amene amagwira pamalo omwe mowa unkagwira mu ubongo, n'kumachepetsedwa pang'onopang'ono. Apa ndi pamene pafunika nzeru za dokotala, chifukwa diazepam amafooketsa kupuma. Kwa wodwala chibayo m'chipatala chopanda makina opumira, kwa wovulala m'mutu amene tikufuna kuona ngati akutsitsimuka, kapena kwa wachiwindi cholephera, mlingo wopitirira ukhoza kupha ngati matenda omwewo. Choncho sindigwirizana ndi maganizo akuti aliyense wopezeka ndi mapointi ambiri pa AUDIT azingobayidwa diazepam. Kufufuza kumatiuza woti timuyang'anitsitse. Mankhwala amatsatira zizindikiro. Njira yotchuka yoyezera zizindikirozo, CIWA-Ar ya mu 1989, imafunanso wodwala wotha kuyankha ngati ali ndi nseru, mutu kapena mantha, choncho kwa wosayankhula namwino amadalira zimene akuona ndi kukhudza. Mankhwala a misala monga haloperidol kapena chlorpromazine akaperekedwa okha amatontholetsa phokoso koma sachiza vutolo, ndipo amatha kuchititsa kuti munthu agwe msanga. Kumangirira wodwala pabedi popanda chithandizo kumangowonjezera kulimbana ndi kutentha kwa thupi.

Kwa Rufunsa pali chinthu chinanso: ulendo wa ku Lusaka. Wodwala wovulala Loweruka akhoza kugona ku Mpanshya usiku umodzi, n'kukwera ambulansi Lamlungu, n'kulowa m'chipinda cha opaleshoni ku UTH Lolemba, pa ola lomwe delirium tremens imayamba, ali m'manja mwa anthu amene sanaonepo anzake omunyamula aja. Mzere umodzi m'kalata yomutumizira, wonena kuti amamwa kachasu tsiku lililonse, anamwa komaliza Loweruka masana, wapatsidwa thiamine ndi diazepam wochuluka chakuti, umauza wogonetsa odwala zimene sakanazipeza mwa njira ina. Ku Mpanshya kuli sukulu ya anamwino, ndipo ophunzira ake amakagwira ntchito m'zipatala zakumidzi m'dziko lonse. Chizolowezi cholemba mzere umenewu chikaphunziridwa pamenepo chimayenda nawo.

Otsutsa ali ndi mfundo ziwiri zomveka. Yoyamba ndi ntchito: namwino mmodzi wosamalira odwala ambiri sangawonjezeredwe fomu ina. Ndikuvomereza, ndipo n'chifukwa chake AUDIT yonse ndi yoyenera kudikira mpaka wodwala atadzuka. Tsiku lofika mafunso atatu kapena anayi a pakamwa akwanira, pamzere womwewo pamene pamalembedwa za HIV ndi mankhwala amene munthu sayanjana nawo. Yachiwiri ndi yolemera: kodi kufufuza kumasintha kamwedwe ka munthu akatuluka? Umboni wake ndi wosakanikirana. Ku Seattle mu 1999, Larry Gentilello ndi anzake anapeza kuti ovulala amene analandira uphungu wachidule ali m'chipatala anachepetsa kumwa, ndipo kuvulalanso kunatsika pafupifupi ndi theka. Koma ku Boston mu 2007, Richard Saitz ndi anzake anayesa zofananazo pa odwala a m'mawodi, ambiri a iwo ozama kale mu uchidakwa, ndipo kucheza kamodzi sikunathandize. Uphungu wa mphindi 15 umafika pamtima pa womwa mopitirira amene sanagwidwe. Wogwidwa kale amafunika woyenda naye miyezi. Mfundo yachiwiriyi, ngakhale ili yoona, sikhudza chifukwa choyamba chofufuzira, chomwe ndi kumudutsitsa wodwalayo masiku anayi oyamba ali moyo ndi ubongo wake.

Za woyenda naye miyeziyo, chipatala cha Chainama ku Lusaka chili kutali ndi munthu wa kwa Shikabeta, ndipo ambiri amachiopa poganiza kuti ndi cha amisala okha. Zambia inakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza mowa mu 2018 ndi lamulo latsopano la matenda a maganizo mu 2019, koma zolembedwa zimafunika anthu ozichita. Chopatsa chiyembekezo chinachokera m'makomboni a Lusaka: kafukufuku wosindikizidwa mu 2020 ndi Laura Murray ndi anzake anaonetsa kuti uphungu wotchedwa CETA, woperekedwa kwa masabata angapo ndi anthu wamba ophunzitsidwa, osati madokotala, unachepetsa kumwa koopsa mwa amuna pamodzi ndi nkhanza kwa akazi awo. Alangizi otere akhoza kuphunzitsidwa pakati pa anthu amene akugwira kale ntchito m'makiliniki a ma ARV ndi a TB m'boma ngati la Rufunsa, kumene odwala ambiri otuluka m'wodi amabwererako mwezi ndi mwezi.

Wodwala akamatuluka, iye ndi banja lake ayenera kumva chinthu chimodzi chimene ambiri sachidziwa. Amene wadutsa masiku aja m'chipatala, thupi lake laleka kale kufuna mowa mwaukali, ndipo akhoza kupitiriza osamwa popanda ngozi ya kugwa. Koma akadzabwerera kumowa wa tsiku ndi tsiku, tsiku lina n'kuganiza zoleka, asadzaleke mwadzidzidzi ali yekha kunyumba kapena kumunda. Adzayambe wapita kuchipatala chapafupi, akanene kuti anabwebwetapo kale mowa utaduka, kuti akamuthandize kutsika pang'onopang'ono.